Mapangano a Chaka Chatsopano: Kusamala Thanzi Lathu m'Chigwa cha Luangwa

Ana a sukulu ndi aphunzitsi nonse, phunziro lathu lino likunena za mapangano amene munthu amapangana ndi mtima wake pamene chaka chikuyamba. Mwina munamvapo akuluakulu akunena pa tsiku la 1 Januwale kuti, "Chaka chino fodya ndamusiya," kapena kuti, "Chaka chino sindidzachedwanso ku ntchito." Kapena inu nomwe munanenapo kuti, "Chaka chino ndikhala mwana waukhondo." Mawu otere ndi okoma, koma ambiri a iwo safika mwezi wa Malichi. Amamera msanga monga udzu wa mvula yoyamba, ndipo dzuwa likangowala masiku atatu amafota.

Tsono tifuna tione chimene chimapha mapangano otere, ndiponso njira yopangira pangano loti likhale ndi moyo kufikira Disembala. Zitsanzo zathu tizitenga m'boma la Luangwa, limene akulu ambiri amalitchulabe kuti Feira. Ana a m'madera ena amvetsere bwino, pakuti njira yake ndi yomweyo kulikonse, ngakhale kuti matenda ndi nyengo zimasiyana.

KUPENYA KUMBUYO NDI KUTSOGOLO

Dzina lakuti Januwale linachokera kwa Aroma akale. Iwo anali ndi mulungu wawo wa makomo ndi zipata, dzina lake Janus, amene ankamusema ndi nkhope ziwiri, ina yopenya kumbuyo, ina yopenya kutsogolo. Chifanizo chimenechi chili ndi phunziro kwa ife. Mlimi wanzeru asanabzale amayamba wakumbukira mmene munda wake unachitira chaka chatha: pamene panadikha madzi, pamene panalowera mvuu, ndi pamene mbewu zinapserera. Akatero ndi pamene amadziwa chochita chaka chino.

Inunso chitani chimodzimodzi. Tengani kope lanu muyankhe mafunso atatu awa. Kodi chaka chatha ndinalephera kupita ku sukulu masiku angati chifukwa cha kudwala? Kodi ndinadwala chiyani? Nanga unali mwezi wanji? Ngati mwaiwala, aphunzitsi anu ali ndi buku loitanira maina, ndipo bukulo siliiwala. Mayankho anu ndiwo adzakuuzani pangano loyenera inu, popeza mwana amene anagona masabata awiri ndi malungo ali ndi mdani wosiyana ndi wa mwana amene ankavutika ndi m'mimba.

Kumbukiraninso kuti thanzi si kusadwala kokha ayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization, limene linayamba ntchito mu 1948, limaphunzitsa kuti munthu wathanzi ndiye amene ali bwino m'thupi, m'maganizo, ndi m'kakhalidwe kake ndi anzake. Motero mwana amene thupi lake ndi lamphamvu, koma mtima wake uli ndi mantha tsiku lililonse, sitinganene kuti ali ndi thanzi lokwanira.

DZIWANI DZIKO LANU

Pangano labwino limayenerana ndi malo amene munthu akukhala. Boma la Luangwa lili kum'mawa kwa chigawo cha Lusaka, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Munthu akaima pa mathiriro pamenepo amaona maiko atatu: kumene waimako ndi ku Zambia, tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndipo tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Dzina lakuti Feira ndi mawu a Chipwitikizi otanthauza msika, chifukwa Apwitikizi ankachita malonda m'dera limeneli m'zaka za m'ma 1700.

Malo amenewa ndiwo otsika koposa m'Zambia monse. Ali pa mamita 329 okha kuchokera pamwamba pa nyanja yaikulu ya mchere, pamene mzinda wa Lusaka uli pa mamita pafupifupi 1,300. Malo otsika amatentha, ndipo kutentha pamodzi ndi madzi ndiko kumene udzudzu, nkhono ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda timakonda.

Anthu a kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ndi a kwa Mfumu Mphuka moyo wawo uli pa mitsinje iwiriyi. Amapha nsomba, amadula bango loluka mphasa, amalima madimba m'mbali mwa madzi, amachapa ndi kutunga. Mtsinje ndiwo umawadyetsa, koma mtsinje womwewo ndiwo umabweretsa zina mwa zovuta zawo. Walira mvula walira matope. Sitingauze mwana wa msodzi kuti asayandikire mtsinje moyo wake wonse. Chimene tingamuphunzitse ndi kukhala nawo mwanzeru.

MALAMULO ANAYI A PANGANO LOLIMBA

Lamulo loyamba ndi lakuti pangano likhale limodzi pa nthawi imodzi. Mwana amene alemba mapangano khumi pa tsiku limodzi sadzasunga ndi limodzi lomwe. Akale anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Lachiwiri, pangano linene ntchito yooneka ndi maso. Mawu akuti, "Ndikhala waukhondo," ndi chifuniro chabe, pakuti madzulo simungadziwe ngati mwawakwanitsa kapena ayi. Koma mukati, "Ndizisamba m'manja ndi sopo ndikatuluka m'chimbudzi," mwanena ntchito imene inu ndi anzanu mungathe kuiona ndi kuiwerenga.

Lachitatu, pangano likhale ndi nthawi yake ndi malo ake. Limangirireni ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga mmene mayi amabzalira nyemba pafupi ndi phesi la chimanga kuti ziyangepo. Nenani kuti, "Ndikangotha kudya nsima ya madzulo, nditsitsa neti yanga." Chakudya cha madzulo chidzakhala chokukumbutsani.

Lachinayi, pangano likhale la chinthu chimene chili m'manja mwanu. Mwana sangalonjeze kukumba mjigo m'mudzi, kapena kudya nyama tsiku lililonse, popeza zimenezi si zake. Koma angathe kulonjeza kuvundikira mtsuko wa madzi akumwa.

Mwina mufunsa kuti, kodi padzapita masiku angati kuti ntchito yatsopanoyo isanduke chizolowezi? Mu 2009 akatswiri a pa University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu 96 amene aliyense anasankha chizolowezi chimodzi chatsopano. Anawerengera kuti ena chinawalowa m'masiku 18, ena chikanawatengera masiku 254, ndipo chiwerengero cha pakati chinali masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga ntchito yonse. Teremu imodzi ya sukulu imakhala ndi masabata pafupifupi 13, ndiye kuti masiku okwanira bwino kuti chizolowezi chimodzi chizike mizu. Motero nzeru yathu ndi iyi: chaka chili ndi materemu atatu, tsono sankhani pangano limodzi pa teremu iliyonse, molingana ndi nyengo yake. Lakale musalitaye, koma lizipitirira pamene mukuwonjezera latsopano. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

TEREMU YOYAMBA: DZINJA, UDZUDZU NDI MADZI AKUMWA

Sukulu zimatsegulidwa mu Januwale, pakati pa dzinja. Ino ndi nyengo ya zithaphwi, ndipo m'zithaphwi ndimo mmene udzudzu umaikira mazira. Kukatentha, dzira limasanduka udzudzu wouluka pasanathe masabata awiri. Malungo amafala ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma makamaka usiku. Ukaluma munthu wodwala umayamwa tizilombo ta malungo pamodzi ndi magazi, ndipo patapita masiku umakatisiya m'thupi la munthu wina. Dokotala wina dzina lake Ronald Ross ndiye anatsimikiza mu 1897, ali ku India, kuti tizilomboti timakhala m'mimba mwa udzudzu. Choncho malungo sabwera chifukwa cha kudya mango osapsa, kapena chimanga chachiwisi, kapena kuvumbwa ndi mvula. Zinthu zimenezi zimangopezeka nyengo imodzi ndi udzudzu.

Pangano la malungo lingakhale lotere: "Usiku uliwonse ndigona m'neti, ndipo ndipisira m'mphepete mwake pansi pa mphasa." Neti yong'ambika isokeni, pakuti udzudzu sufuna khomo lalikulu. Ndipo neti ya udzudzu si yophera nsomba. Maso ake ndi aang'ono kwambiri kotero kuti imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo banja limene latengera neti ku mtsinje limataya zinthu ziwiri: tulo totetezedwa ta lero ndi nsomba za chaka chamawa.

Thupi likatentha, mutu ukamapweteka, kapena mukamanjenjemera, uzani makolo tsiku lomwelo kuti akutengereni ku chipatala cha kufupi, kaya chaching'ono cha m'dera lanu, kaya cha mishoni cha Katondwe. Kumeneko adzakubayani pa chala ndi kuyeza kadontho ka magazi, ndipo yankho limatuluka pasanathe theka la ola. Akakupatsani mankhwala a Coartem, imwani kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka onse athe. Mwana akasiyira pa njira chifukwa wayamba kupeza bwino, tizilombo totsala timachulukananso.

Mdani wachiwiri wa dzinja ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo woopsa mwa onse ndi kolera. Mvula imakokolola chimbudzi cha anthu amene amadzithandiza kutchire, nichithira m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mitsinje. Munthu akamwa madzi otere, kapena akadya ndi m'manja mosasamba, tizilombo timalowa m'mimba. Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa chotaya madzi ambiri m'thupi. Ambiri a inu mukukumbukira mliri umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023. Bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo ogonekamo odwala, anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Ana a m'dziko lonse anataya masabata asanu a maphunziro chifukwa cha madzi oipa ndi manja akuda.

Ngati chaka chatha mdani wanu anali m'mimba, sankhani limodzi mwa mapangano awa. "Ndizisamba m'manja ndi sopo, kapena phulusa sopo akasowa, ndikatuluka m'chimbudzi ndiponso ndisanadye." Kapena: "Sindimwa madzi a mumtsinje kapena a m'chitsime chosatetezedwa asanawiritsidwe kapena kuthiridwa mankhwala a klorini." Madzi awire ndithu mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi. Othira klorini adikire mphindi 30 asanamwe. Posamba m'manja, wina akuthirireni madzi. Musasambe nonse m'mbale imodzi, chifukwa womaliza amasamba litsiro la anzake onse.

Dziwaninso kathandizidwe ka munthu amene watsegula m'mimba. Ku chipatala amapereka timapaketi ta mankhwala osungunula m'madzi, amene ambiri amawatcha madzi a moyo. Timapaketito tikasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, thiranimo masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, osadzaza mpaka kuchita kaphiri. Wodwalayo azimwa pang'onopang'ono pamene mukupita naye ku chipatala.

TEREMU YACHIWIRI: MASIKA, CHISANU NDI CHAKUDYA

Teremu yachiwiri imayamba mu Meyi, pamene anthu akukolola ndipo kunja kwayamba kuzizira. Ino ndiyo nthawi yabwino yolingalira za chakudya. Thupi la mwana lili ngati nyumba imene ikumangidwa: limafuna zakudya zopatsa mphamvu monga nsima ya chimanga kapena ya mapira, mbatata ndi maungu, zakudya zokulitsa monga nsomba, nyemba, khobwe, mtedza ndi mazira, ndiponso zakudya zoteteza ku matenda, ndizo ndiwo zamasamba ndi zipatso. Mwana wokhuta nsima yokha amakhala ndi mimba yodzaza, koma thupi lake likadali ndi njala.

Chigwa cha Luangwa chimalandira mvula yochepa, ndipo zaka zina chimanga chimapserera. Mu 2024 chilala chinakula m'dziko muno kotero kuti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Komabe chigwachi chili ndi chuma chimene ana a m'tauni amachita kugula ndi ndalama. Masawu, amene amapsa nyengo yozizira, ali ndi vitamini C wambiri, ndipo malambe nawonso ali naye wochuluka. Vitamini ameneyu amathandiza kuti zilonda zipole msanga ndi kuti nkhama zikhale zolimba. Nsomba zazing'ono zodyedwa ndi minga yomwe zimalimbitsa mafupa ndi mano. Bonongwe, chibwabwa, therere ndi masamba a khobwe amathandiza magazi ndi maso. Musanyoze zakudya zimenezi poganiza kuti mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo ndizo zapamwamba. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: zotsekemera za m'sitolo zimabowola mano, ndipo sizimanga thupi.

Pangano la teremu ino lingakhale lakuti, "Tsiku lililonse ndidya ndiwo zamasamba kapena chipatso, ndipo chipatsocho nditsuka ndisanadye." Ana okulirapo angalonjeze kuthandiza makolo kufutsa masamba ndi kuyanika masawu pa thandala loyera, kuti mfutso udzawathandize m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene ndiwo zimasowa. Ena angalonjeze kutsuka mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pokagona, ndi mswachi wa m'sitolo kapena wa kamtengo.

Nyengo yozizira ndiyonso ya chimfine ndi chifuwa. Potsokomola tsekani pakamwa ndi mkati mwa chigongono, ndipo musagone m'nyumba yotsekedwa muli mbaula ya makala oyaka, chifukwa mpweya wake ulibe fungo koma umapha anthu ali m'tulo. Munthu amene watsokomola masabata awiri osaleka apite akayezedwe chifuwa chachikulu.

TEREMU YACHITATU: CHILIMWE NDI MTSINJE

Kuyambira Seputembala dzuwa limakula, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo madzi otuluka ngati thukuta ayenera kubwezedwa. Mwana wosowa madzi m'thupi amamva mutu, amawodzera m'kalasi, ndipo samva zimene aphunzitsi akunena. Njira yodziwira ndi yapafupi: mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, thupi likupempha madzi. Pangano lake ndi ili: "Tsiku lililonse ndipita ku sukulu ndi botolo la madzi abwino, ndipo ndimwa pa nthawi yopuma ngakhale ndisanamve ludzu."

Kutentha kumakokera ana ku mtsinje ndi ku maiwe otsala, ndipo kumeneko kuli likodzo. Tamverani mmene nthendayi imayendera. Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, mazira a tinyongolotsi amagwera m'madzimo naswa. Tiana take timalowa m'nkhono za m'madzi, makamaka pamene madzi ndi odikha ndipo pali udzu kapena bango. M'nkhonomo timachulukana, ndipo patapita masabata angapo timatuluka tambirimbiri, tosaoneka ndi maso. Mwana akamasambira, kuchapa kapena kuwedza ataima m'madzi, timaboola khungu lake iye osamva kanthu. M'thupi timakula nitikhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndiwo amachititsa kuti mkodzo utuluke ndi magazi. Tinyongolotsi timeneti anatipeza ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ali ku Cairo mu 1851.

Pali anthu ena amene amauza anyamata kuti kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula. Zimenezo si zoona. Ndi nthenda, ndipo ikakhalitsa imachepetsa magazi, imafooketsa mwana m'kalasi, ndipo imawononga chikhodzodzo ndi impso. Atsikana nawonso amadwala. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel, ndipo azaumoyo amawapereka ku chipatala ndiponso nthawi zina m'sukulu. Mukaona magazi mu mkodzo musachite manyazi. Uzani makolo kapena aphunzitsi. Safunsa anadya phula.

Taonani kuti nthendayi imayenda mozungulira: kuchoka mwa munthu, kupita m'madzi, kulowa m'nkhono, kubwerera mwa munthu. Mwana aliyense angathe kudula chingwe chimenechi ndi pangano limodzi: "Sindidzakodza kapena kuchita chimbudzi mumtsinje kapena pafupi ndi madzi." Pangano limeneli limateteza mudzi wonse. Lina ndi lakuti, "Ndizisamba kunyumba ndi madzi a pa mjigo m'malo mosambira pa dziwe."

Mtsinje ulinso ndi eni ake. Ng'ona imaphunzira malo ndi nthawi imene anthu amatunga madzi tsiku ndi tsiku, ndipo imabisalira mwakachetechete. Mvuu imatuluka madzulo kukadya msipu, ndipo ndi yoopsa kwa munthu amene waima pakati pa iyo ndi madzi. Njovu nazo zimatsikira ku mtsinje m'chilimwe. Motero musapite ku mtsinje muli nokha, kapena m'bandakucha, kapena dzuwa litalowa, ndipo mukamva kuti njovu zili pa njira ya ku sukulu, dikirani akuluakulu.

TULO, MASEWERA NDI MTENDERE WA MUMTIMA

Pali zinthu zitatu zimene sizidikira nyengo. Choyamba ndi tulo. Madokotala amanena kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12 pa tsiku. Ngati mumadzuka 5 koloko m'mawa chifukwa sukulu ili kutali, werengani chobwerera m'mbuyo, ndipo mudzapeza kuti muyenera kukhala mutagona pofika 8 koloko usiku. Lamya ya m'manja kapena kanema wa pa msika asakubereni maola amenewa.

Chachiwiri ndi kulimbitsa thupi. World Health Organization imalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku. Ambiri a inu mumakwanitsa kale poyenda ulendo wa ku sukulu, posewera mpira, phada wodumpha kapena chingwe, ndi pothandiza ku munda. M'chilimwe sewerani m'mawa kapena madzulo, osati dzuwa lili paliwombo.

Chachitatu ndi mtima. Mwana amene akunyozedwa ndi anzake, amene waferedwa, kapena amene wina akumuchita zoipa namuopseza kuti asaulule, amanyamula katundu wolemera amene saoneka. Katundu wotere sasenzeka ndi munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Pangano lanu lingakhale lakuti, "Chinthu chikandivuta mumtima, ndiuza munthu wamkulu amene ndimamukhulupirira." M'Zambia muli nambala ya lamya yaulere ya 116, imene mwana aliyense wovutika angaimbe kuti athandizidwe. Ndipo mwana amene alonjeza kuti, "Chaka chino sindiseka mnzanga chifukwa cha zovala zake kapena chilema chake," wasamala thanzi la anthu awiri.

MAWU KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi, ntchito imeneyi siingayende popanda inu. M'sabata yoyamba ya teremu patulani phunziro limodzi loti mwana aliyense alembe pangano lake pa tsamba lomaliza la kope, ndi kujambula pansi pake timabokosi ta masiku a teremu yonse. Tsiku limene wakwanitsa aike chizindikiro. Limene waphonya asiye pachabe. Mwana aliyense asankhe mnzake mmodzi wokhala mboni yake, ndipo Lachisanu lililonse awiriwo awerengerane kwa mphindi zisanu. Ana aang'ono amene sanadziwe kulemba ajambule chithunzi cha neti, cha sopo kapena cha botolo la madzi.

Chenjerani ndi zinthu zitatu. Musalange mwana chifukwa cha timabokosi topanda kanthu, pakuti mukatero mudzamuphunzitsa kunama, osati kusamba. Mufunseni chimene chinamulepheretsa. Mwina mudzapeza kuti kwawo kulibe neti kapena sopo, ndipo nkhani yotere ndi yofunika kuifikitsa kwa makolo, kwa anyakwawa ndi kwa azaumoyo a m'dera lanu. Musatchule pagulu dzina la mwana wodwala likodzo kapena nthenda ina iliyonse. Ndipo musauze ana kusamba m'manja pamene pa sukulu palibe posambira. Chigubu cha malita 5 choboola kamodzi, chopachikidwa pa mtanda wa mitengo ndi chingwe chomangirira ku kamtengo kopondapo, chimakwanira kukhala posambira pafupi ndi chimbudzi, ndipo ana okulirapo angachikonze okha.

Zimene ana alemba zigwiritseni ntchito m'maphunziro ena. Pa masamu awerenge masiku amene kalasi yonse inataya ndi malungo chaka chatha, ndipo pakutha pa chaka chino ayerekeze. Pa phunziro la za malo ajambule mapu a mudzi wawo, aonetse pamene pali mjigo, zithaphwi, madooko ndi njira za njovu.

Pomaliza, lembani pangano lanu inunso, ndipo ana alione. Mphunzitsi amene wangofika kumene kuchokera ku malo okwera monga Lusaka kapena Chipata asapeputse dzuwa ndi udzudzu wa m'chigwa. Wina angalonjeze kukayezetsa kuthamanga kwa magazi kamodzi pa teremu, popeza nthenda imeneyi imakula mwakachetechete. Wina angalonjeze kuchepetsa mchere, kusiya fodya, kapena kuleka kachasu. Ana amaphunzira msanga zimene aona kuposa zimene amva, ndipo mmera mpoyamba.

Ana inu, chaka ndi ulendo wa masiku 365, ndipo palibe amene amauyenda tsiku limodzi. Mukaphonya Lachiwiri, yambaninso Lachitatu. Musadikire Januwale wina. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Mukasunga pangano limodzi pa teremu, pofika Disembala mudzakhala ndi zizolowezi zitatu zabwino zimene simunali nazo, ndipo buku loitanira maina lidzachitira umboni.

ZOCHITA NDI MAFUNSO

1. Lembani malamulo anayi a pangano lolimba m'mawu anuanu.

2. Konzani mapangano awa kuti anene ntchito, nthawi ndi malo: "Ndizidya bwino." "Ndizipewa malungo." "Ndikhala mwana wabwino."

3. Jambulani ulendo wa likodzo kuchokera mwa munthu kufikira pamene libwerera mwa munthu, ndipo muonetse malo awiri pamene ulendowo ungadulidwe.

4. Mwana wina amadzuka 6 koloko m'mawa ndipo afuna kugona maola 10. Kodi agone nthawi yanji?

5. Funsani agogo anu maina a zipatso ndi ndiwo zakutchire zimene ankadya ali ana, ndi mwezi umene chilichonse chimapezeka. Bweretsani mainawo m'kalasi kuti mupange kalendala ya zakudya za kwanu.

6. Lembani pangano lanu la teremu ino, mulisonyeze kwa makolo anu, ndipo mboni yanu ilembe dzina lake pansi pake.